Phukusi Lopanda Dzina

Magetsi azima ku Area 47 konse,
jenereta ya aneba ikutsokomola kuseri kwa mpanda,
ine ndili pamphasa ndi laputopu, batire yatsala theka,
ndikulembera mayeso chinthu chimene palibe.

Chimene palibecho ndicho chinatigwetsa Lachiwiri.
A Nankhoma, namwino wa ku Kawale,
anatumiza mayina a ana olandira katemera
pa foni yawo ya galasi long'aluka.
Uthenga unanyamuka bwinobwino
koma unaiwala kunena mtundu wake,
kamzere kamodzi kaja ka pamwamba
kamene kamati: zili m'katimu ndi fomu,
kapena chithunzi, kapena JSON.
Seva yathu inasuzumira pamalo pa kamzereko,
inapeza mbee,
inakomoka.
Ana makumi atatu ndi awiri
sanalowe m'kaundula tsiku limenelo.

Sekerani, wa desiki la pawindo, akuti,
"Ingoti ndi JSON, nthawi zambiri imakhala yomweyo."
Nthawi zambiri!
Kondakitala wa pa depoti naye amatero
akalandira katoni yosalembedwa:
kuigwedeza kamodzi, "zovala izi,"
n'kuiponya pansi pa matumba a mbatata.
Pofika ku Mitundu ndi pamene amadziwa
kuti anali mazira.

Sindikufuna khodi yolosera.
Ndikufuna khodi yodziwa kunena kuti,
pepani, simunandiuze chimene mwanyamula.

Ndiye ndaumba pempho labodza,
ndalichotsa chizindikiro mwadala,
ndaliimika pakhomo pa kachidutswa kamodzi ka pulogalamu,
kokhakokha, popanda intaneti, popanda Kawale,
ndalemba pansi chimene ndikuyembekeza:
415, kukana mwaulemu,
osati 500, kugwa chagada.
Ndadina.
Kufiira.
Eya. Mayeso oyamba ndi kufiira ndiwo ali ndi maso.

Mizere inayi yatsopano. Ndadinanso.
Kubiriwira.

Koma kusowa kuli ndi abale ake.
Pali chizindikiro cholembedwa koma chopanda kanthu,
pali cha mipata yokhayokha,
pali chofuula ndi zilembo zazikulu,
pali chokoka mchira kumbuyo kwake,
ndiye pali chabodza, chonena fomu chikubisa chithunzi.
Onsewa ndawaitana mmodzimmodzi
ngati mzere wa pa banki kumapeto kwa mwezi.

Chakumaseveni jenereta inali ndi mphamvu,
tsopano yangoti zii.
Udzudzu wapeza kuwala kwa sikirini.
Ndipo mayeso akale, amene sindinawakhudze,
afiira.
Mlonda wanga watsopanoyu wachita changu mopitirira:
akubweza ngakhale wobwera chimanjamanja,
wongofunsa kuti katemera wa mawa ndi wa nthawi yanji.
Wopanda katundu umamufunsa bwanji za katundu?

Ndakumbuka chaka chimene ndinachoka ku Ntchisi,
nditaima pageti ku City Centre, envulopu m'manja,
mlonda anandifunsa, "Mwabwerera chiyani?"
Mawu anandithawa.
Iye sanakomoke, sanandilosere,
sananditsekere geti kumaso.
Anati, "Khalani apo, mukakumbukira mundiuze."

Ndakonza. Woti wanyamula kanthu anene mtundu wake,
woti alibe kanthu adutse.
Ndalembanso mawu obweza aja,
asakhale nambala yokha
koma auze munthu chimene chasowa.

Mayeso khumi ndi anayi, onse obiriwira.
Palibe woomba m'manja,
galu wa kwa aneba yekha akuuwa njinga yakabaza.
A Nankhoma sadzaona mizere imeneyi,
sadziwa ndi dzina langa lomwe.
Mawa adzatumiza mayina ena
mwana wina akulira pa sikelo,
ndipo foni ikadzaiwalanso kamzere kaja
seva idzayankha ili chiimire.

Batire yatsala zinayi pa zana.
Ndikutumiza ntchitoyi kwa Sekerani aione m'mawa.
Adzati mayeso achuluka.
Ndidzamuuza za mazira.